Chimanga m'nsapato

Mayi okhala pamwamba pa sitolo ya buledi, kuno ku Quetzaltenango, imvi zili mbuu kumutu koma kumsana amabereka chikwama cha mabuku. Atapuma pa ntchito ya unamwino anabwerera ku yunivesite, ndipo akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: za ukalamba ndi za kayendetsedwe ka zipatala. Ukawafunsa chifukwa chake amangoti, "Wodziwa nkhalamba alibe makiyi, wamakiyi sadziwa nkhalamba. Ine ndikufuna zonse." Masitepe amakwera chammbali, akuimba kanyimbo kuti kubuula kusamveke.

Mwezi watha gulu lawo la m'kalasi linapatsidwa ntchito yolemba mapulani a chipatala chimene chimangidwe m'dera lomweli. Anzawo, ana a dzulodzuloli, anaika chipinda cha okalamba pamwamba penipeni, ati kuli phee komanso kamphepo kayaziyazi. Mayiwo sanatsutse. M'mawa mwake anabwera ndi chimanga chouma, n'kuthira m'nsapato za aliyense, n'kuloza masitepe a nyumba yophunziriramo.

"Tiyeni tikapitidwe kamphepo kanu kaja."

Asanafike n'pakati pomwe, Edvin, mtsogoleri wa gululo, anangoti khwe pansi.

"Mayi, mwatipha! Ndivule?"

"Vula, mwanawe," anatero iwo atatsamira khoma, dzanja lili pabondo. "Mwayi uli nawo iwe. Changa chimanga chili m'kati mwa mafupa."

Edvin anakhuthula nsapato zake. Pamapulani paja, chipinda chija anachitsitsira pansi, pafupi ndi khomo lolowera.