Ndinazula Chingwe Pakati pa Makompyuta Awiri

Anzanga inu, abale anga inu, amene aziti agogowa akupeka anene yekha, ine izi ndinaziona ndi maso angawa, masana dzuwa lili paliwombo, osati kutulo ayi. Lero ndimaseka, ndimavina, ndimaimba mpaka adzukulu kundigwira pakamwa, koma tsiku limenelo, mayo ine, ndinaona zakuda. Maina sinditchula ngakhale limodzi, mundikhululukire.

Chinali chaka chija cha njala, cha chimanga chachikasu, akuluakulu mukuchikumbuka. Ine kwathu ndi mbali ya ku Zingalume, koma ndinali nditapeza ganyu wosesa pa boma pa Chadiza, mu ofesi ya anthu amene ankagawa chimangacho, ndinkagona kwa mng'ono wanga n'kumapita kumudzi Loweruka. Kumudziko ndinasiya mwana wanga wamkazi, wachisamba, ali ndi pakati poyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, miyendo itatupa, chakudya chake mango aawisi ophika basi.

Tsono tchimo langa ndi ili, ndiliulule. Atabwera olemba maina m'midzi, anati chimanga chizigawidwa poona kuchuluka kwa anthu m'nyumba. Ine ndinayang'ana mimba ya mwana wanga n'kudzifunsa, kodi ali m'katiyu sadya? Si yemweyu akumaliza mayi wake mpaka kutsala mafupa? Ndiye ndinamulembetsa. Atandifunsa dzina, ine osaphethira, ndinatchula dzina lokoma limene ndinalisunga mumtima kuyambira kale. Mwambo wathu mukuudziwa, mwana sapatsidwa dzina ali m'mimba, ngakhale atabadwa timadikira mchombo ugwe, atuluke m'chikuta. Koma njala, anzanga, njala siidziwa mwambo.

Mu ofesi muja munali kompyuta, chimakina chachikulu cha galasi kumaso, pansi pake chibokosi chong'ung'udza jenereta ikalira. Akalaliki athu, bambo aatali a mandala, okonda kuseka ife osapita kusukulu, anatha masabata akugogoda, kulowetsa maina a midzi yonse m'menemo. Ine ndinkangochipukuta fumbi, ndikuchiyandikira chammbali ngati ndikupereka madzi kwa apongozi.

Lachitatu lina kunafika mayi wina wochokera ku Chipata, bwana wa akalalikiwo, atanyamula kachikwama. Atatsegula, taonani, kakompyuta kakang'ono kopinda ngati buku la nyimbo, ati dzina lake laputopu. Anati maina onse a m'chachikulu chija alowe m'kakang'onoka, apite nawo tsiku lomwelo, kuti a magalimoto adziwe chimanga choti abweretse. Anayamba ndi timadisiki, timbale tawo takuda tosamutsira zolemba, koma fumbi la kwathu kuno linali litatiwononga, kulowetsa aka kakana, kulowetsa ako kakana. Ndiye mayiwo anatulutsa chingwe chotuwa, chonenepa ngati chala, mbali ina n'kubaya kumbuyo kwa chachikulu, mbali ina kwa kakang'ono.

Asanayambe, akalaliki anandikodola, ati bwerani amayi a tsache, mudzaone kumene mukukhala masiku ano. Anagogoda, pagalasi panatuluka mizere, iwo n'kuyamba kuwerenga mokweza, dzina langa, la mwana wanga, la mkamwini wanga, kenako lija. Lija! Analitchula bwinobwino, kawiri, ati ndani ameneyu wa dzina lokoma chonchi? Ine kanali koyamba kulimva pakamwa pa munthu wina, likuitanidwa ngati mwini wake ali panja akusewera. Iwo kuseka, ati musadandaule amayi, nonsenu mukusamuka lero, mutuluka m'mimba mwa chachikuluchi, mudutsa m'chingwemu, pofika madzulo muli ku Chipata osakwera basi. Anadina batani, anati zitenga nthawi, n'kutuluka onse awiri kukadya, atandilamula kuti ndisakhudze kanthu.

Ndinatsala ndekha, ine ndi tsache langa. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'kati chachikulu chikubuula, kakang'ono kakuti kete kete kete, timagetsi tikuphethira, pagalasi kamzere kakukula pang'onopang'ono. Ndinayang'ana, ndinayang'ananso. Kodi inu mukanaona chiyani? Chachikulu apa, kakang'ono apo, pakati chingwe. Ine ndinabereka ana asanu ndi awiri, ndinathandizapo azamba, chingwe chotere ndimachidziwa. Mtima unayamba kundiuza kuti mdzukulu wako akutulutsidwa m'mimba tsiku lake lisanakwane, wamuitana ndiwe, wamugulitsa ndiwe chifukwa cha chitini cha chimanga, ndipo wa mwezi wachisanu ndi chitatu amakhala moyo kodi? Kamzere kaja kanafika pakati. Ndinataya tsache, ndinagwira chingwecho ndi manja awiri, chinali chofunda, anzanga, chofunda ngati chamoyo, n'kuchikoka ndi mphamvu zanga zonse, zuu!

Zonse ziwiri zinalira, pii, pii, ngati anapiye aona mphamba, ndipo pagalasi panabwera mawu ena amene ine sindikanatha kuwerenga. Ndinaima pomwepo, chingwe kumanja, ngati mbala yogwidwa m'munda.

Akalaliki atalowa, ee, moto! Ati mfiti ya tsache iwe, wachita chiyani? Ati ntchito ya masabata onsewa, ati midzi yonse igone ndi njala chifukwa cha umbuli wako, ati bola kulemba ntchito mbuzi. Mayi a ku Chipata aja sanakalipe, anangondiyang'ana n'kufunsa kuti amayi, mwaopa chiyani? Pamenepo ndinagwada, ndinaulula zonse, za mimba, za dzina, za bodza langa, misozi ili mbwembwembwe. Iwo anati dzukani amayi, palibe chatayika, tingoyambiranso. Anati maina satuluka m'chachikulumo ayi, zili ngati kupala moto kwa mnansi, iwe utenga khala koma moto wake utsala ukuyaka. Iwo ankati akundilimbitsa mtima, koma ine mantha anangowonjezeka, ndiye kuti mwana mmodzi akhala pawiri, wina kuno wina ku Chipata? Nanga wobadwayo adzakhala uti?

Akalaliki anati zamkutu zimenezo, chofunika n'chakuti dzina labodza lichoke, munthu wosabadwa salandira chimanga. Ndinawagwira miyendo, ndikuti chonde bambo musalifafanize, ndikutinso chonde musalitumize, chimene ndinkapempha ngakhale ine mwini sindinkachidziwa. Anandikankhira kumbali n'kudina batani limodzi. Kuwerenga sinditha kwenikweni, koma maso ndili nawo, ndinaona zilembo zija zikudyedwa kuyambira kumchira, chimodzi, chimodzi, chimodzi, mpaka pamalopo mbee.

Nthawi yomweyo, yomweyo ndithu, panja panalira belu la njinga. Anali mkamwini wanga, munthu amene chikwatirire mwana wanga sanandiyang'anepo kumaso, wondipatsa moni atanjuta kuseri kwa nkhokwe. Tsiku limenelo analowa osaodira, thukuta lili noninoni, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti amayi, mwana wanu ali kuchipatala, matenda amuyamba m'mawa, tabwera naye pangolo, anesi akuti mufike msanga.

Kodi ndinathamanga kapena ndinauluka? Sindikudziwa. Duku linagwa panjira, sindinalitole. Ndinapeza mwana wanga atatheratu mphamvu, milomo itauma, akungoitana amayi, amayi, ine ndikuopa kumuyang'ana chifukwa ndinkadziwa chimene ndinachita. Sipanapite nthawi, kanatuluka. Kamwana kakakazi, kakang'ono ngati botolo, kotuwa, chete, ndipo pakhosi pake, Mulungu ndi mboni yanga, chingwe cha mchombo chitazungulira kawiri.

Anesi, mayi wamfupi wa manja achangu, anamasula chingwecho, anakapukuta, anakatikita pamsana, anakayamwa m'mphuno, anakazondotsa. Chete. Anatikitanso. Chete. Anandiuza kuti agogo, musangoima, kalankhuleni. Ine ndikalankhule bwanji? Dzina limene ndinali nalo linali litadyedwa ndikuona, kulitchula ndinkaopa, lina ndinalibe. Ndiye ndinangoyamba kuimba, nyimbo yopanda mutu, iwe wopanda dzina bwera, iwe mlendo wanga bwera, sindikuitananso ndi njala, bwera wekha, bwera. Anesi akutikita, ine ndikuimba, mwana wanga akulira, ine ndikuimba.

Kenako kanatsokomola. Kenako kanati ng'ee, kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka, kenako ng'eeee! Anzanga inu, nthungululu imene ndinaimba inadzutsa odwala onse, ndinavina pasimenti opanda duku, opanda nsapato, anesi akundithamangitsa ine ndikubwerera, akundithamangitsa ine ndikubwerera, yerere, yerere, Mulungu ndi wamkulu!

Ganyu uja anatha tsiku lomwelo, akalaliki anatuma uthenga kuti tsache lapeza mwini wina, ine sizinandiwawe. Chimanga chinabwera, tinalandira cha anthu atatu, chinatikwana. Mchombo utagwa, azakhali ake anamupatsa dzina lina, lawo, ndipo lija loyamba sindinalitchulenso mpaka lero, ndidzapita nalo kumanda. Mdzukulu wangayo anakula, ndi mayi wa ana atatu tsopano, wonenepa, waphokoso kuposa ine.

Ophunzira amandiuza kuti zinangokumana, ati njala ndi imene inafulumizitsa mimba, ati makina alibe mlandu. Mwina. Makinawo ine ndinawakhululukira, ankagwira ntchito yawo, ndipo chingwe cha eni ake sindidzazulanso. Koma chimene ndimakhulupirira ine n'chakuti mwana wa m'mimba amamva. Ukamutchula amatembenuka, ukamuitana amabwera, kaya njira yakonzeka kaya siinakonzeke. Tsono inu atsikana a masiku ano, amene mumalemba dzina la mwana m'mafoni mimba isanaoneke n'komwe, n'kumalitumiza uku ndi uku kwa anzanu, ndakupemphani ine gogo wanu, tsekani pakamwa, dikirani. Mlendo amene ali panjira musamufuulire, musiyeni afike yekha, alire, apume, ndipo pamenepo mufunseni kuti ndiwe yani.