Netiweki ya pa chulu

Dzulo bambo a Tisa anabwera ndi rauta, kabokosi kokokera netiweki, kuchokera ku Katete. Anazungulira nayo nyumba yonse, kagetsi kake kali psuu, mpaka kanabiriwira ataikhazika pawindo. Ana anakuwa, koma ine mtima unandiwawa.

Ndili mwana ndinkakhala ndi azakhali ku Vubwi, amayi ali pa ntchito ku Lusaka. Foni inkagwira pa chulu cha kuseri kwa khola pokha. Lamlungu amayi akamaimba, azakhali ankakwerapo okha.

"Iwe khala pansi pomwepo! Mutu wako wa nsabwewo umathamangitsa netiweki."

Ndinakhulupirira. Ndinapita kudambo, n'kukhula mutu ndi mchenga mpaka magazi, kenako ndinadzola parafini. Ululu wake! Lamlungu lotsatira ndinaima m'munsi mwa chulu, ndikununkha ngati koloboyi.

"Azakhali, zafa zonse. Ndikwere?"

Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinangowamva akuti, "Ali bwino, mlamu, wapita kosewera. Nsapato zija zamukwana."

Ndinayang'ana mapazi anga ong'aluka, osamvetsa. Amene anali ndi nsapato zatsopano anali mwana wa azakhaliwo.

Ndadzazindikira nditakula kuti chimene azakhali aja ankaopa pa chulu paja ndi pakamwa panga.