Mpata Umene Anasiya pa Mwala wa Pamphambano

Msewu wotsikira kwathu ku Masasa, mu mzinda wa Mzuzu, unalimidwa ndi makasu a azimayi. Ndinali wamng'ono, koma ndimakumbukira amayi anga akubwera kunyumba matope mpaka m'mawondo. Mayi wina woyembekezera anali atafera pamachira anthu akukwera naye chitunda, poti galimoto silinkafika kwathu, ndiye anzake anakwiya n'kutenga makasu. Amuna anaima m'mbali n'kumalangiza, monga mwa masiku onse.

Patapita zaka zambiri, komiti ya m'dera lathu inaganiza zowalemekeza. Ganizolo linali labwino, sindikana. Anagwirizana zoimika mwala wolembedwa mayina a azimayi onsewo pamphambano, pamene pamaima anyamata a njinga zamoto. Koma ntchitoyo anaipereka kwa mmisiri wina wa ku Katawa amene moyo wake wonse wakhala akusema ziliza za kumanda.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chinabwera ndi ng'oma, kwaya ndi zokuzira mawu. Tsiku la mwambo tinapeza mwalawo ataufunditsa nsalu yoyera. Ndinakayikira pomwepo, chifukwa kumudzi kwathu ku Nkhata Bay nsalu yotere timaiona povundukula chiliza. Amayi anga anawakhazika pampando wa kutsogolo, atavala duku lawo la kutchalitchi, poti mwa onse amene analima msewuwo otsala anali iwo okha.

Nsalu itachotsedwa anthu anaomba m'manja. Unali mwala wakuda wonyezimira, zilembo zoyera. Dzina lililonse linali ndi chaka chobadwa, kamzere, ndi chaka chomwalira. Pansi penipeni panali dzina la amayi anga: chaka chobadwa, kamzere, kenako mpata wosalala bwino, wongodikira.

Maso a amayi ndi ofooka, koma manambala amawaona. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandikoka chitenje.

"Mwana wanga, pamene asiyapo alembapo chiyani?"

"Palibe, amama. Angokongoletsa."

"Yewo chomene," anathokoza, maso ali pamwala. "Andiyalira kale mphasa."

M'mawa mwake ndinapita ku Katawa mtima uli m'mwamba. Mmisiri uja ndinamupeza akusema mtanda, fumbi mpaka m'nsidze.

"Monire, adada. Amayi anga mwawaikiranji m'manda ali moyo?"

"Ayi, amama, ndi mmene timachitira," anayankha mofatsa, ngati telala akufotokoza za msoko. "Ukapanda kusiya mpata, tsikulo likafika zilembo zimapanikizana. Sizioneka bwino."

Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Akomiti nawo anandilandira ndi ulemu wambiri, n'kundiuza kuti mwala abusa anaudalitsa kale, sungazulidwe. Ndinabwerera chimanjamanja.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anakana kudutsa pamphambano. "Munthu sadutsa pamanda pake," ankatero, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Vuto n'lakuti amadwala shuga, ndipo mwezi uliwonse amayenera kukaonana ndi anamwino m'tauni. Njinga yamoto ilibe kwina kodzera. Njira ina ndi kanjira koterera kodutsa kudambo, kamene ngakhale ine ndimatsika nditagwira udzu. Mayi amene anatsegulira anthu onse msewu anadzitsekera m'nyumba chifukwa cha msewu womwewo.

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinamata simenti pa kamzere ndi pampata paja, koma mwala wosalala sugwira kanthu, ndipo mvula ya ku Mzuzu sinachedwe kuitsuka. Ndinaufunditsa thumba, anyamata a njinga analitenga n'kumapukutira zishalo. Alendo odutsa ankavula zipewa poganiza kuti panachitika ngozi. Wina anasiyapo nkhata ya maluwa a pulasitiki. Tsiku lina mumsika waukulu mayi wogulitsa usipa, mnzawo wa amayi wakalekale, anandigwira manja onse awiri.

"Pepani chomene, mwana wanga. Maliro sitinamve, tangoona dzina pamwala."

Ndinaseka. Kunena zoona ndinayamba kuopa, ine amene ndinkaseka anthu okhulupirira malodza.

Mankhwala ndinkakawatengera ndekha, koma anamwino ankafuna kuona mwini wake. Kenako pachidendene pa amayi panatuluka kabala. Poyamba kanali kochepa ngati njere ya nyemba. Kanakula, kanada m'mbali, ndipo m'chipinda munayamba kumveka fungo limene sopo sankalichotsa. Ndinagwada, ndinalira, ndinawakalipira ngati mwana. Ndinati tiwaphimba kumaso ndi chitenje podutsa.

"Amaphimba ndani kumaso pamsewu?" anafunsa. 

M'mawa wina popita kuntchito ndinamupeza mmisiri uja pamphambano, atagwada, akupukuta mwala wake ndi kansalu. Ntchito yake amaikonda, zimenezo sindingamunamizire. Atandiona anavula chipewa n'kufunsa mmene amayi adzukira.

"Amama awuka uli kunyumba?"

"Ali makora chomene," ndinayankha mokweza kuti ali bwino, mpaka anyamata a njinga anacheuka.

Anagwedeza mutu mwaulemu, chala chake chili pampata paja. Kunyumba ndinali nditasiya phala patebulo, ndipo amayi anali atatembenukira kukhoma osalilawa.