Chithunzi cha Anganga Panyanja Youma

Ndikamakumbukira anganga Abiti Jafali, mayi a bambo anga, ndimawaona atawerama pa uvuni wawo ku Kachulu, utsi wa nkhuni zaziwisi utawakuta mpaka kumangooneka mpango wokha, akutembenuza milamba pawaya ndi zala zosaopa moto, uku akukalipira ogula ochokera ku Zomba amene ankafinya nsomba ngati akuyesa mapeyala. Anali munthu wosapempha. Ankalolera kudya ndiwo zopanda mchere kusiyana n'kukaodira pakhomo la mnzawo.

Intaneti tinayamba kuimva kwa aphunzitsi, kuti ili m'kachipinda kena m'tauni momwe anthu amalipira kuti akhale pakompyuta. Posakhalitsa inalowa m'mafoni, n'kufika mpaka padoko pathu.

Chaka chimene nyanja inauma ndinali mu Sitandade 7. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, mabwato atangoti mbwee pamatope ong'aluka. Nsomba zitasowa, anganga anayamba kugula mpunga ku sikimu ya Likangala, kupuntha, kupeta, n'kumagulitsa pamsika. Bambo nawo ankatumiza thandizo kuchokera ku Joni. Kwathu sitinagonepo ndi njala.

Tsiku lina kunabwera mlendo wa kamera, wolankhula Chingerezi chokhachokha. Ndinadzipereka ndekha kumasulira, pofuna kuti anzanga aone kuti sukulu ikundilowa. Mlendoyo anati akufuna kuonetsa dziko mmene nyanja yaumira. Anapempha kuti anganga asinthe chitenje chatsopano avale chakale chakuda ndi mwaye, avule nsapato, akhuthule mpunga m'dengu, akakhale pansi pamene dothi lang'aluka kwambiri, ndipo asamwetulire. Anganga anakayika, n'kufunsa chimene dengu lawo lalakwa. Ndine ndinawanyengerera kuti avomere, n'kumawauza kuti adzatchuka dziko lonse.

Patapita miyezi, bambo anaimba foni. Mnzawo wa kuntchito anali atawaonetsa chithunzi cha anganga pafoni, m'munsi mwake mutalembedwa kuti nkhalamba iyi ana ake anaitaya, yatha masiku osalawa kanthu, amtima wabwino atumize thandizo. Thandizolo linkapita kwa ndani, sitinadziwe mpaka lero. Sabata isanathe chithunzicho chinali m'mafoni a anyamata a padoko. Lachisanu amayi a kumzikiti anafika ndi beseni la ufa, maso ali pansi. Anganga anawathokoza, n'kuwasenzetsanso beseni lawo.

Amayiwo atachoka, anganga anandiitana kuti ndiwawerengere mawu onse osadumpha. Ndinawerenga pa foni yobwereka. Nditamaliza, anayamba kumanga mpango.

“Iwe Asiyatu, ameneyu Intaneti amakhala kuti? Undiperekeze, ndikamuuze kuti ana anga alipo.”

Ndinafotokoza kuti si munthu, alibe nyumba, ndipo chimene chalowamo sichituluka.

“Ndiye bodza lopanda mwini wake? Ngakhale mfiti ili ndi pakhomo pake.”

Sanandikalipire, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Kungoyambira tsiku limenelo, munthu akangokweza foni, iwo ankaphimba nkhope ndi chitenje. Bambo atabwera kudzaona mudzi anawachonderera kuti ajambulitse limodzi, koma anakana. Pa ukwati wanga anakhala kuseri kwa nyumba mpaka wojambula atapita.

Madzi anabwerera, matemba anayambanso kuyanikidwa pamathandala, anganga anawambanso nsomba zaka zingapo asanatisiye. Koma chithunzi chija chikuyendabe. Ndachipezapo chikutchulidwa kuti n'cha dziko lina, kwina chikupemphetsa za chilala, kwina achinyamata atachiikira mawu oseketsa a munthu amene watha ndalama pakati pa mwezi. Anthu amaika tinkhope toseka, ena tolira, n'kupitirira. Ndikachipeza ndimalemba dzina lawo m'munsi, ndi kunena kuti dengulo linali lodzaza. Palibe amene anandiyankhapo.

Akamatamanda intaneti kuti yalumikiza dziko, ine ndimafuna kufunsa kuti yalumikiza ndani ndi ndani, popeza mawu a mlendo uja anazungulira dziko, a anganga sanadutse n'komwe Kachulu.

Mwana wanga wamkazi amandifunsa kuti agogo aakulu ankaoneka bwanji. Ndimamufotokozera ndi pakamwa: mpata wa mano, chipsera cha pachigongono, kasekedwe kawo kotsokomola. Chithunzi chawo padziko pano n'chimodzi chokha, ndipo sindidzamuonetsa.