Kadontho Kobiriwira pa Valavu

Lero Lachiwiri, 2 koloko masana. Kuno mabwato sapita panyanja Lachiwiri, ndi mwambo wathu, ndiye ndakhala pansi ndi foni. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, zolakwika muzikonza nokha anzanga.

Ndine Bentsiwa, wogulitsa nsomba pa doko la Sekondi, zidzukulu mbwee. Amuna anga atamwalira ndinati za amuna ndatseka. Ndinatsala ndi chipinda changa chozizira chosungiramo nsomba.

Chaka chatha chipindacho chinayamba kudwala. Kompuresa kulira tsiku lonse osapuma, koma mkati mofunda ngati m'khwapa. Amakanika ankangoti "gasi watha," kuthira gasi, ulendo. Mawa lake chimodzimodzi.

Kenako kunabwera a Essilfie. Bambo wa imvi, malaya ositasita, fulasiki m'manja.

Gasi sanamukhudze. Anaika khutu pa paipi nkundiitana.

"Mayi, bwerani muone. Kachitsulo kamkuwa aka ndi valavu, kukhosi kwa makina anu. Gasi amadutsa apa pang'onopang'ono kuti mkati muzizire. Mwaona ayezi wamata apa? Yatsamwa."

Anaithira madzi otentha a m'fulasiki. Paipi inalira tsiii... posakhalitsa mkati munayamba kuzizira!

"Inu ndinu makanika kapena sing'anga?"

"Ndimachiza zotsamwa zonse, ngakhale mitima ya amayi amasiye."

"Chokani apa, nkhalamba yopanda manyazi!"

Koma ndinaseka anzanga. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandipha.

Anayamba kubwera tsiku ndi tsiku. Ine, mayi woopedwa doko lonse, kumawatenthetsera dokono, nsima yathu yowawasa yokulunga m'makoko a chimanga, kumawasankhira nsomba yonona. Anzanga a pa msika amvekere, "A Bentsiwa, pauda mwayamba liti?" Ndinkati ndi mchere wa m'nyanja.

Tsiku lina akunyambita zala anati, "Madzi otenthawa ndi panado chabe. Gulani valavu yatsopano, ndikuikirani ndi manja angawa."

Ndinakwera trotro, minibasi yathu, mpaka ku Accra kukagula valavuyo. Tsono ife a nsomba chilichonse chathu timachiika chizindikiro, chifukwa pa doko beseni limamera miyendo. Changa ndi penti wobiriwira. Mabeseni, mipeni, ngakhale mpando. Valavu nayonso ndinaidontheza kunsi kwake, chizolowezi basi, osaganiza kanthu.

A Essilfie anandiuza kuti anaiika ine ndili ku maliro ku Shama. Pobwera ndinapeza aikulunga ndi labala wakuda.

"Osavula ayi, imadana ndi mphepo."

Matenda osatha.

"Yatsopano imafuna kuzolowera kaye, wokondedwa."

Fulasiki, madzi otentha, dokono. Ine kumangomwetulira ngati chitsiru!

Mu Ogasiti nsomba za eban zinagwa. Ndinadzaza chipinda mpaka kudenga, poti nsomba za nyengo imeneyi ndi zimene zimadyetsa nyumba yanga chaka chonse. Lachisanu m'mawa nditatsegula chitseko... kafungo kayamba, madzi ofiira akuyenderera pansi. Foni ya a Essilfie yozima. Ndinathira ndekha madzi otentha pa labala paja, makina osamva.

Ndinameza manyazi nkupita kwa Mansa. Mansa naye ali ndi chipinda chozizira kuseri kwa msika, ndipo sitinkalankhulana chinandilandire asodzi anga.

"A Mansa, ndisungireniko madengu, nsomba zikundiwolera."

"Ee, lero a Bentsiwa adziwa khomo langa? Lowani mumve kuzizira kwenikweni. Wina wake anandiikira valavu yatsopano, yamphatso."

Ndinalowa. Mano gwedegwede. Ndinakweza maso pamene pali chokupizira mphepo... valavu ili phuliphuli, yosakulunga. Kunsi kwake kadontho kobiriwira.

Anzanga!

Kutuluka panja, ndani uyo wakhala pa kireti kuseri kwa makina, dokono kukamwa, fulasiki pambali?

"A Essilfie, penti ali pa valavu m'chipindamu ndi wa ndani?"

Anatsamwa, ndipo panalibe wowathira madzi otentha.

"Wokondedwa, mavalavu amafanana..."

Mansa anagwira m'chiuno. "Wokondedwa wake uti?"

Sindinkadziwa kuti nkhalamba imathamanga chonchija. Patapata imodzi anaisiya pompo, fulasiki nayonso.

Ndinati, "Mansa, valavu yanga." Iye amvekere, "Nsomba zanga zalakwanji?" Anandisungira madengu ochepa, nkhope atayang'ana kumbali.

Kufika kwanga ndinang'amba labala uja ndi mpeni. Valavu yakale yomwe ija, ayezi ali mbuu. Miyezi yonseyo ndinkadyetsa munthu wondikulungira bodza, kumamupatsa ndi madzi osamba m'manja!

Nsomba zina ndinazithira mchere zikhale momoni, zonunkha zokometsera ndiwo. Zambiri zinabwerera m'nyanja, akhwangwala akundiseka. Valavu ina ndagula, ndipo poiika ndinaima pomwepo, maso pa sipanala. Koma chaka chino zidzukulu zanga zidya momoni mpaka zinunkhe nazo kutchalitchi.

Mwamuna akakukonzerani chinthu nkuchikulunga, amvekere osavula, vulani tsiku lomwelo.

Tumizirani amayi a nsomba a ku Elmina ndi ku Axim nkhaniyi. Ndamva kuti nkhalamba ija yagula fulasiki ina.