Nkhope ya Yakobe

Efulemu Kadzakumanja anali munthu wa fodya kuyambira ubwana wake. Anabadwira kumudzi wina kuseri kwa Nathenje, sukulu anailekera Sitandade 5, ndipo pofika zaka makumi awiri anali atalembedwa kale pa esiteti ina ku Mitundu monga wosankha fodya. Ntchito imeneyo ankaidziwa. Tsamba akangoligwira ndi zala ziwiri ankakuuzani ngati lauma bwino kapena lamwa chinyezi, maso ali kwina. Koma za banja, pamenepo ndiye abale ake anatopa naye. Anamulozera Anna, anamulozera Esitere, iye nkumangoti, “Ndamva, tiona fodya akagulidwa.” Fodya anagulidwa kakhumi konse, mbeta zija zinakwatiwa kwina.

Chimene abalewo sankadziwa, kapena ankachidziwa koma osafuna kuchitchula, chinali Yakobe. Ameneyu anabwera kuchokera ku Mulanje pa lole ya matenanti mu 1988. Khasu silinamuyanje. Manja ake anali a mawaya, ndipo wailesi iliyonse yakufa pa esitetipo inkadzukira kwa iye. Patapita zaka zinayi anatsegula nyumba yoonetsera vidiyo pamsika wa Mitundu: mabenchi asanu ndi limodzi, TV, deki ya matepi ndi jenereta yotsokomola. Awiriwa ankakhala m’chipinda cha kuseri. Anthu ankati ndi pachibale, iwo osatsutsa. Ndinene ine poyera popeza eni ake sakanatha: ankakondana monga akondanirana anthu apabanja, mpaka kukangana kuti wamaliza mchere ndani.

Mu 1994 matipate atabwera, anthu anayamba kulankhula mokweza m’minibasi. Lamulo loletsa anthu ngati Efulemu ndi Yakobe silinasunthe ngakhale pang’ono, koma mantha anaphwako. Chaka chomwecho mnzawo Matthews, dalaivala wa thiraki yopita ku Joni, anabwera ndi matepi atatu atawakulunga mu juzi. Sizinali zolaula ayi. Zinali nkhani za mwamuna wokonda mwamuna mnzake, mkazi wokonda mkazi mnzake, kufunsirana, nsanje, kukhululukirana. Chingerezi Efulemu sankachimva kwenikweni, komabe analira. Moyo wake wonse ankayesa kuti padziko pano alipo awiri okha.

“Izi si zoonera awiri, Efulemu,” anatero Yakobe. “Alipo anzathu, ndipo iwe ukuwadziwa.”

Ndi mmene inayambira kalabu yawo. Lamulungu loyamba la Ogasiti, msika wa fodya uli kumapeto, Yakobe analemba pachitseko ndi choko: LERO KULIBE VIDIYO, MSONKHANO WA KALABU YA FODYA. Nanga ndani angasiye mowa wa Lamulungu masana kuti akamvere za feteleza? M’mawindo anatchingamo ziguduli. Anabwera anthu asanu ndi awiri. Panali Idesi ndi Zipora, ogulitsa tomato pa Nathenje, amene anthu ankawatcha amasiye othandizana. Panali mphunzitsi wina wa ku Malingunde, telala wa pa Diamphwe, ndi ena amene maina awo sinditchula. Yakobe ankaima pambali pa TV kumasulira, theka zoona theka zopeka yekha, mpaka Zipora anamuuza kuti, “Inu achimwene, mzunguyo wangoti moni, zina zonsezo ndi zanu!” Chaka chotsatira anabwera khumi ndi awiri.

Chaka chachitatu Yakobe sanachifike. Anayamba kutsokomola mvula yoyamba, anaonda, namwalira mu Malichi 1996 mutu uli pamiyendo ya Efulemu. Abale ake anabwera kuchokera ku Mulanje ndi galimoto, nanyamula thupi, TV, deki, jenereta, ngakhale kabuku ka zithunzi. Malume ake anagwira Efulemu chanza bwinobwino.

“Zikomo, bambo, posunga mlendo. Mulungu akudalitseni.”

Mlendo! Zaka zisanu ndi ziwiri pamphasa imodzi. M’galimotomo munalibe malo a munthu wongosunga mlendo, choncho manda a Yakobe Efulemu sanawaone. Zimene anatsala nazo ndi malaya amodzi ndi matepi anayi omwe anawabisa m’chigafa abalewo asanafike.

Tepi yachinayiyo inali ya ukwati wa mwana wa kalaliki wa pa esiteti, wojambulidwa ndi munthu wa kamera wochokera m’tauni. Yakobe anaikopera yake chifukwa anatulukamo. Sanatulukemo nthawi yaitali. Pakati pa gule amadutsa atavala jekete lobwereka, amatembenuka, nkuyang’ana kuno akuseka. Woonera aliyense ankayesa kuti akusekerera kamera. Efulemu yekha ankadziwa kuti tsiku limenelo iye ndiye anaima kumbuyo kwa wojambulayo.

Anasamukira m’kanyumba ka malata pafupi ndi esiteti, napitiriza kusankha fodya. Koma Yakobe sanachoke. Masana dzuwa lili paliwombo Efulemu ankamva jenereta ikulira kuseri kwa nyumba, akatuluka nkupeza nkhuku zokha. Nthawi zina fungo la petulo linkamupeza m’chigafa momwe munalibe petulo. Izi sizinkamuopsa, ankazilandira. Chimene chinkamuopsa chinali china: nkhope inayamba kuchoka. Mawu ankawakumbuka, manja ankawakumbuka, ngakhale kayendedwe kotsimphina pang’ono. Koma akati ayang’ane kumaso, ankangoona ngati munthu waima kuseri kwa utsi. Chithunzi analibe. Nkhope ya Yakobe inatsala malo amodzi okha, pa tepi ija, ndipo deki yoonera analibe.

Ndiye chifukwa chake kalabu sinafe. Chaka chilichonse Ogasiti akafika ankapalasa njinga kupita ku Nathenje, kukabwereka TV, deki ndi jenereta kwa tsiku limodzi ponamizira ukwati. Anzake ankasonkhana m’nyumba mwake, mphunzitsi uja nkumamasulira mosakoma, zoona zokhazokha. Akamaliza matepi a ku Joni ankaika ya ukwati. Ankaibweza katatu, osapitirira, poopa kuitha. Efulemu ankayang’ana osaphethira, kuti nkhopeyo imukwanire chaka chathunthu. Siinkamukwanira. Pofika Khirisimasi utsi uja unali utabwerera.

Mvula ya 1998 inagwa mosalekeza. Tepi ya ukwati Efulemu sankaisunga pamodzi ndi zinazo m’sutikesi. Ankaikulunga m’malaya a Yakobe naiika kunsi kwa mphasa chakumutu, pansi pomwe pankabwera chinyezi. Tsiku lina mu Febuluwale atavundukula, anaona kudzera pakagalasi kake kuti mkati mwayera mbee. Chuku. Kufunsa munthu wa vidiyo anaopa, poti funso limabala funso linzake: tepi ya ukwati wa eni mukuisungiranji, bambo osakwatira inu? Komanso anafunsiranji? Chuku ankachidziwa kuposa munthu aliyense pa Mitundu. Fodya akachita chuku safuna mankhwala, amafuna dzuwa ndi mphepo. Mvula itangokata, anakwera pampando naika tepiyo padenga la malata. Anaiyanika masiku atatu, akuitembenuza masana monga atembenuzira tsamba. Chuku chinatha. Tepi inapindika pang’ono m’mbali, koma inali youma gwa, ndipo Efulemu anagona bwino kwa miyezi isanu akudziyamikira.

Ogasiti ameneyo anabwera anthu khumi ndi asanu, ena achilendo amene Yakobe sanawaonepo. Matepi a ku Joni anayenda bwino. Kenako Efulemu anatulutsa ya ukwati, naikankha mu deki. Inalowa mokakamira. Pa TV panangodzaza timadontho tothwanima ngati ngumbi pa nyale, deki nkumalira khwee, kenako zii. Mphunzitsi anatsegula ndi mpeni, nasolola lamba wakuda atamatana ngati ulimbo.

“A Kadzakumanja, tepiyi munaiika padzuwa?”

“Inali ndi chuku, aphunzitsi.”

Palibe amene anamudzudzula. Madzi akatayika saoleka. Jenereta yobwerekayo inkalirabe panja. Idesi ndiye anasendera pafupi, namugwira paphewa.

“Achimwene, musalire. Yakobe sanali m’kabokosimu yekha ayi. Tonsefe tinkamudziwa, tizikukumbutsani. Wamtali, wakuda bwino, maso aakulu.”

“Akaseka tsaya limalowa,” anawonjezera Zipora.

Efulemu anagwedeza mutu. Anafunitsitsa kuti zimenezo zimuthandize. Anatsinzina, nayesa kuika maso aakuluwo ndi tsayalo pamalo pake, koma zinkangoyandama.

“Chemwali,” anatero motsitsa mawu, “chipsera chija cha pamwamba pa diso chinali kumanzere kapena kumanja?”

“Kumanzere,” anayankha Idesi.

“Iwe, kumanja,” anatero Zipora. “Ndinkakhala mbali imeneyo pa benchi.”

Onse anatembenukira kwa mphunzitsi, munthu wosanama. Iye anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali.

“Mundikhululukire,” anatero. “Ine chipsera sindikuchikumbuka.”

Efulemu anakweza chala nagwira pamwamba pa diso lake lamanzere, kenako lamanja, kenako lamanzere. Chipseracho anachipsompsona zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sanadziwe.