Achikombole ndi njerwa zosawotcha

Anthu ankangowatchula kuti Achikombole, chifukwa chikombole choumbira njerwa sichinkachoka m'manja mwawo. Anali bambo wamfupi, wa zikhatho zokhakhala ngati khungwa, wokonda kunena kuti dothi limamva kamodzi kuposa ana a masiku ano.

Madzi atasefukira, mudzi wonse udasanduka matope. Achikombole adapulumuka ndi mwana wawo wamkazi, koma akazi awo sadapezeke. Galimoto za chithandizo zidabwera ndi malona ndi zidebe, kenako zidasiya kubwera.

Pamsonkhano, mayi wina wogulitsa tomato adaimirira. "Tikamadikira eni galimoto, tikalambira m'malona momwe muno. Tiyeni timangirane tokha, nyumba imodziimodzi."

"Njerwa ndiumba ine," adatero Achikombole. "Tiyambire amasiye ndi nkhalamba. Yanga ibwere pomaliza."

Dothi labwino lidali litakwiririka ndi mchenga, choncho amayi ankasenza lina kuchokera kuphiri, amuna n'kumaliponda. Nkhuni zowotchera uvuni kunalibe, poti mitengo idapita ndi madzi. Adangogwirizana zomangira njerwa zosawotcha.

"Izi n'zongobisalamo dzuwa," Achikombole adawachenjeza. "Mvula ikakula sizipirira."

Poyamba ntchito inkakoma. Mlamu wa Achikombole wometa tsitsi, amene anali asanagwirepo fosholo chibadwire, adagwera m'dzenje la matope mpaka m'chiuno, amayi n'kuseka mpaka misozi. Nyumba ya mayi wina wamasiye idatha, ina n'kutsatira.

Kenako njala idaluma. Minda idali mchenga wokhawokha, ndipo anyamata adathawira kutauni kukasaka maganyu. Amene nyumba zawo zidatha adayamba kudzuka ndi mutu tsiku lililonse la ntchito. Padzenje padatsala Achikombole, wogulitsa tomato uja ndi nkhalamba zongothandiza ndi maso.

"Bambo, mwamangira mudzi wonse, ife tikugonabe m'lona lobooka," mwana wawo adadandaula.

"Pirira mwanangu, yathu ili m'njira."

Msana udali utayamba kale kuwavuta. Ankaumba atagwada, podzuka n'kugwirira mpini wa khasu. Khoma la nyumba yawo litafika pamawindo, mvula idabwera isanayembekezeke, ndipo idagwa osapumira. Achikombole adakhala pakhomo pa lona akuonerera njerwa zawo zikusungunuka, madzi ofiira akutsetserekera kumsewu.

Kutacha adafika mayi wamasiye uja, zovala zili chonyowa. Khoma la kuchipinda kwake lidali litagwera pamphasa, mwayi ana anali atatuluka.

"Mumafuna kundiphera ana, inu? Njerwa zanji zimenezi?"

"Paja ndidanena, mayi..."

"Mudanena chiyani? Bola mukadangotisiya m'malona!"

Achikombole adangolowa m'lona mwawo.

Mwana wawo adalongedza tizovala take, kupita kwa azakhali ake kutauni. Adawapempha kuti apitire limodzi, koma iwo adati kumeneko akangokhala katundu wa eni nyumba.

Wogulitsa tomato adaitanitsanso msonkhano woti ayambirenso. Kudabwera anthu ochepa, ndipo adathera kukangana za malona otsala. Achikombole sadapiteko, msana udali utawagoneka. Mayi wa tomatoyo amawapatsira madzi ndi kachakudya akapeza mpata, ngakhale nayenso wayamba kufunsa za galimoto zopita kutauni.